A Gwirakhutu a Kalasi Yoyamba

Amalume anga aphunzitsa kalasi yoyamba kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pasukulu imodzimodziyo, m'chipinda chimodzimodzicho, chakumapeto kwenikweni kumene denga limadontha pakona. Dzina lawo lenileni lili m'mapepala a ku ofesi basi. Aliyense, kuyambira ana mpaka agogo a anawo, amawadziwa kuti a Gwirakhutu. Iwo amalidziwa dzinalo ndipo sakwiya nalo. Amati munthu amene anthu sanamupatse dzina ndiye kuti ntchito yake sinaoneke.

Dzinali linachokera pa tsiku lolembetsa ana. Chaka chilichonse, kutatsala sabata kuti sukulu itsegulidwe, amalume amatulutsa tebulo ndi mpando n'kuziika pakhonde. Makolo amafola ndi ana awo kuyambira pamasitepe mpaka kuchipata. Mwana akafika kutsogolo, amalume safunsa zaka zake. Amamuimika chilili, mutu utawongoka, n'kumuuza kuti adutsitse mkono wamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Akagwira amalembedwa. Akalephera amabwerera kunyumba kuti akakule kaye.

"Kholo limanama," amatero amalume. "Khadi la kusikelo limabwerekeka kwa mkulu wake. Koma mkono ndi khutu sizinakhalepo pansi n'kupangana zondipusitsa ine."

Njirayi sanaiyambe okha. Anaipeza, ndipo inayamba yawagwira iwo eni. Anabadwa chaka chimene mvula inakana, m'banja la ana asanu ndi anayi, ndipo atapita kukalembetsa sukulu anabwezedwa kawiri. Nkhaniyi amaikamba monyada, makamaka kwa makolo amene akudandaula. "Ine anandibweza kawiri, koma lero ndine ndani? Si mphunzitsi wa mwana wanu?" Mphunzitsi amene anawalandira ulendo wachitatu anawalembera chaka chobadwa poyang'ana khutu lomwelo, choncho m'mapepala a boma amalume ndi aang'ono ndi zaka ziwiri kuposa mmene mayi awo ankanenera. Anzawo amene anabadwa nawo chaka chimodzi anapuma kale pantchito. Iwo akadali ndi choko m'manja, ndipo amati n'chifukwa chakuti boma silifuna kuwataya.

Ndi munthu wamfupi kwambiri. Pansi pa bolodi lawo pamakhala njerwa ziwiri zosanjikiza, zimene amapondapo akafuna kulemba tsiku pamwamba. Ang'ono awo onse, amene anabadwa m'zaka za zokolola, ndi aatali ngati milongoti. Amalume amati iwo anatengera agogo ena a kuchimuna amene palibe anawaonapo.

M'kalasi mwawo mumakhala ana opitirira makumi asanu ndi anayi, onse pansi, miyendo itapindidwa. M'mawa amalowa ndi phokoso ngati mbalame zam'munda. Ikamakwana naini koloko phokoso limayamba kuchepa. Ena amatsamira khoma, ena amaika mutu pabondo la mnzawo, ena amangoyang'ana bolodi kukamwa kuli yasa, maso ali gwa, koma ukawafunsa chimene chalembedwa amadzidzimuka ngati wawaitana ali kutali. Amalume anali ndi yankho la zimenezi kuyambira kalekale. Ankati ogona onsewo ndi makanda amene anazemba pamzere, makolo awo atawaphunzitsa kupendeka mutu. Ndiye ana akagona ambiri chaka chino, chaka chamawa amalume ankakhwimitsa chiweruzo. Anafika poika buku pamutu pa mwana kuti aone ngati wapendeka.

Zinthu zinakula bungwe lina litayamba kupereka phala pasukulupo. Amayi odzipereka amaliphika m'migolo iwiri kuseri kwa ofesi, ndipo teni koloko belu likalira mwana aliyense amafola ndi kapu yake. Lamulo lake ndi limodzi: amamwa ndi amene ali m'kaundula. Kuyambira pamenepo amalume anadziona ngati mlonda wa pachipata. "Kale ankabwera kudzafuna nzeru," ankatero. "Lero akubwera ndi kapu. Ndikalekerera andibweretsera ndi oyamwa omwe."

Ine ndinayamba kukhala kwa amalume nditamaliza sekondale. Ataona kuti ndimalemba zooneka bwino, anandipatsa ntchito yokhala pambali pawo tsiku lolembetsa, cholembera m'manja. Iwo amaweruza, ine ndimalemba. Pamalo a chaka chobadwa anandiuza kuti ndisavutike kufunsa, ndizingochotsa zisanu ndi chimodzi pa chaka chimene tili.

Ndi tsiku limenelo pamene ndinamuona koyamba Kanyenyeswa. Anthu anamupatsa dzinali chifukwa cha kuchepa kwake. Mayi ake ndi mayi wina wochapa zovala m'makomo mwa anthu, wa manja otuwa ndi sopo, amene mwamuna wake anapita kukafuna ntchito kutali osabweranso. Mwanayo anali ndi timiyendo ngati timitengo ta machesi, kamimba kotsogola, ndi tsitsi lofiirira, lapatalipatali. Anavala diresi lochapidwa bwino kuposa la mwana wina aliyense pamzerewo. Atauzidwa kuti agwire khutu anakweza mkono mosachedwa, ngati munthu wodziwa kale mwambo wake. Zala zinathera pamwamba pa khutu, patatsala mpata wolowa zala ziwiri za munthu wamkulu.

"Chaka chamawa, mayi," anatero amalume.

"Aphunzitsi, chaka chathanso munatero. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Khadi lake ili."

"Khadi lisungeni, lingakunyowereni. Taonani tsitsi lakelo, ndi la ukhanda. Mukufuna adzandigonere m'kalasi?"

"Kunyumbanso amangogona."

"Ndiye mwaona! Wotsatira."

Mwanayo potembenuka anayasamula, ndipo ndinaona m'kamwa mwake. Mano a kutsogolo anali ataguluka kale, awiri akuluakulu atamera m'malo mwake, oposa nkhope yake. Ndinadziwa kuti khanda silikhala ndi mano otero. Mawu anafika pakhosi, koma amalume anali atagwira kale phewa la mwana wina, ndipo ine si munthu woyankhula pagulu. Ndinangowerama n'kumakonza chivindikiro cha cholembera.

Chaka chonsecho Kanyenyeswa sanasowe pafupi ndi sukulu. Mayi ake akapita kochapa, iye ankabwera kudzaima kumpanda cha m'ma teni koloko, kapu ya pulasitiki ataibisa kumbuyo. Sankapempha. Masiku ena amayi ophika ankamukokotera zotsalira za mumgolo, ahedi akakhala kuti achokapo. Amalume akamuona ankapukusa mutu. "Mwaona zimene ndimanena? Ka msinkhu umenewo kakudziwa nthawi ya phala, koma kafunseni kuti A ndi uti."

Madzulo ena ndinadutsa kumene amakhala, ndikupita kukatenga nsalu zathu za pabedi. Ndinapeza mwanayo akulendewera panthambi ya mtengo, mayi ake akumuwerengera. Akatsika ankamukoka mkono pang'onopang'ono ngati akufinya chovala, kenako n'kumuyesa khutu. Atandiona anaseka mwamanyazi.

"Tikukonzekera mayeso a amalume anu, achemwali. Ena amawerenga mabuku, ife timakoka mkono."

Pachikuni panali kampoto kamodzi kakang'ono, ndipo ana oti adye anali atatu. Sindinafunse zimene zinalimo.

Tsopano ndinene za mbali ina ya banja lathu. Amalume ali ndi mwana wamwamuna amene amayendetsa galimoto ya katundu, ndipo mkazi wake, mpongozi wa amalume, ndi telala. Mwana wawo wamkazi tonse timamutchula kuti Kadona. Ameneyo dzira la m'mawa salephera, mkaka amachita kuukana, ndipo masaya ake amagwedera akamathamanga. Chaka chotsatiracho anali ndi zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mpongoziyo anali atangotsegula kashopu kake kosokera pamsika, ndipo mwanayo ankamusokoneza, kumasula ulusi ndi kubisa sizasi. Anaganiza zomulembetsa sukulu.

Anayamba wanena kunyumba, atagwada bwinobwino pakhomo.

"Apongozi, zimenezo ayi," anatero amalume. "Mwanayo sanafike."

"Bambo, inu mumati zaka sizinenedwa pakamwa. Mumati mkono ndiwo umanena."

"Ndimatero kumene."

"Basi tidzamve kwa mkono."

Amalume anaseka, poganiza kuti mkono ndi mnzawo wakalekale, sungawachititse manyazi.

Tsiku lolembetsa linafika, kunja kukutentha kuyambira m'mawa. Mzere unali wautali kuposa chaka chathacho. Cha pakati pake ndinaona mpongozi ndi Kadona, atamuveka diresi lamanyinyiri ndi nsapato zoyera. Kumbuyo kwawo kwenikweni kunali mayi wochapa uja ndi Kanyenyeswa. Ana awiriwo ataimirira pamodzi, Kadona ankaoneka wotalikirapo pang'ono.

Atafika kutsogolo, amalume anachita ngati sakumudziwa mdzukulu wawo. Anamuimika, anamuika buku pamutu, analichotsa, n'kunena mwaukali kuti, "Gwira khutu." Kadona anaponya mkono pamwamba pa mutu, nagwira khutu lonse, mpaka kulikoka kunsonga kwake n'kuligwedeza. Kenako anafunsa kuti, "Agogo, ndigwirenso linali?"

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Amalume anatulutsa kansalu n'kupukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Ima apo kaye," anatero. "Wotsatira."

Kanyenyeswa anabwera yekha osadikira kukankhidwa. Anaima mowongoka, anakweza mkono, anaukoka mpaka phewa linanjenjemera. Kulendewera kwa chaka chonse kunali kutathandizako ndithu. Mpata umene unatsala tsopano unali wa chala chimodzi. Anaima choncho, mkono uli pamutu, maso ali pa amalume, osautsitsa.

Woyamba kuyankhula anali mayi ake, ndipo sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, ine sindidziwa kuwerenga, koma ndikufunseni. Mdzukulu wanuyu atabadwa, matewera ake ankachapa ndani?"

Mayiyo anadziyankha yekha.

"Ndinkachapa ndine, kuseri kwa nyumba yanu. Ndipo amene ankandipatsira zopanira pachingwe ndi uyu. Inu munkamupatsa nthochi, mukumutcha kuti kapitawo. Ankayenda, ankayankhula. Ndiye lero wamkulu ndi uti?"

"Auzeni, mayi!" anatero wina kumbuyo.

"Mwina ana a aphunzitsi amabadwa ndi zaka zitatu m'thumba," anatero bambo wina wa chipewa, anthu n'kusekanso.

Mmodzi wa amayi ophika phala, amene anabwera kudzatsuka migolo, anaima pamasitepe ndi chikombe m'manja. "Achimwene, mkono umakula ndi zimene walandira m'kamwa. Wanuyu wadya zaka zake ndi za mnzake zomwe. Uyu anapinimbira ndi njala. Mukamubweza akakulira chiyani kunyumbako, mphepo?"

Ndinayang'ana amalume chakumbali. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anali asanagonjepo pakhonde limenelo. Anabwezapo mwana wa m'busa, anabwezapo mwana wa wapolisi. Akanalemba Kadona, ndiye kuti alemba khanda limene tsiku lake lobadwa akulidziwa bwino, poti ndi iwo amene anathamanga kukafuna galimoto yopita kuchipatala. Akanamukana Kadona, ndiye kuti mkono wanama. Ndipo Kanyenyeswa anali chiimire, mkono uli pamutu, ukuyamba kunjenjemera.

Amalume anadzuka pampando. Anazungulira mwanayo kamodzi, akuyang'ana pansi.

"Simenti ya pano inapendekeka," anatero. "Ndakhala ndikuwauza ahedi. Tasunthira uku, iwe."

Anamuimika patsogolo pang'ono, pamalo osasiyana n'komwe ndi oyambawo. Buku lija sanalitenge.

"Kweza mkono. Eya. Tsopano tandiuza, padenga la ofesi apo, chakumanja uko, pali mbalame zingati?"

Mwanayo anapendeketsa mutu kuti aone. Khutu linakwera lokha kukakumana ndi chala.

"Palibe mbalame, aphunzitsi."

"Zauluka. Wagwira. Mphwanga, lemba."

Anthu anawomba m'manja, ena akuseka, ena akuimba nthungululu. Amalume anakhala pansi nkhope ili gwa, ngati woweruza amene wangotsatira lamulo.

"Nanga wanga, bambo?" anafunsa mpongozi.

"Wanuyo anapendeka mutu. Ndinamuona."

"Bambo! Ndi buku lomwe munamuika!"

"Anapendeka nditachotsa buku. Chaka chamawa, apongozi. Ndiponso chinacho. Wotsatira."

Mpongozi anamunyamula Kadona n'kuchoka nsapato zikulira, ndipo kwa mwezi wathunthu malaya a amalume ong'ambika pakhwapa anakhala pashopu paja osasokedwa.

Ine ndinalemba dzina la Kanyenyeswa, lenileni la pa khadi. Nditafika pa chaka chobadwa ndinaima. Mayi ake anali atayala khadilo patebulo, lachikasu ndi ukalamba, mzere wa sikelo ukutsetsereka ngati njira ya kudambo. Sindinachotse zisanu ndi chimodzi. Ndinakopera chaka chimene chinali pakhadipo. Amalume anasuzumira m'kaundulamo, anayang'ana ine, anayang'ananso chakacho.

"Inki ikauma sifufutika," anatero, ngati akudandaula za inkiyo.

Ndikanakonda kunena kuti mwanayo atalowa m'kalasi anadabwitsa onse. Sizinatero. Amalume anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi njerwa zawo, ndipo masiku amene ndinkapita kukawathandiza kuchonga makope ndinkamuona. Anali wofatsa ndi womvera. Kusesa ankasesa bwino kuposa onse, ndipo mwana wina akalira ndi iye amene ankamutonthoza, ngati mayi wamng'ono. Koma zilembo sizinkakhazikika. Chimene wachidziwa Lolemba, pofika Lachitatu chinali chitapita. Ankagwira pensulo mwamphamvu mpaka kuboola pepala, akuyang'ana bolodi, akuyang'ana kope, ndipo pofika pakopepo anali ataiwala chimene waona. Isanakwane naini koloko mutu unkayamba kulemera. Chifuwa chikadutsa m'kalasi chinkayambira pa iye n'kuthera pa iye, ndipo ankajomba sabata yathunthu.

"Ndinanena ine," ankatero amalume tikamabwerera kunyumba. "Ndi khanda."

Koma panali ola limodzi limene Kanyenyeswa ankakhala munthu wina, ndipo silinali la iye yekha. Akamwa phala, ana a kukhoma aja ankadzuka. Maso ankayera, manja ankakwera, ena mpaka kuyamba ndewu. Tsoka lake, pa ndandanda ya maphunziro imene inapachikidwa kuseri kwa chitseko kuyambira kale, ola limenelo linali la nyimbo ndi masewera. Kuwerenga ndi masamu zinali m'mawa, nthawi imene ati mutu wa mwana umakhala wozizira. Choncho ana ankaphunzira zilembo ali ndi njala, n'kumadumpha chingwe atakhuta.

Pakati pa teremu yachiwiri ndinapeza ndandanda ija yasinthidwa ndi cholembera chofiira. Nyimbo zinapita m'mawa, kuwerenga kunabwera pambuyo pa phala. Ahedi atafunsa, amalume anati m'mawa dzuwa limawala pabolodi, ana saona bwino. Ahedi anayang'ana mazenera, amene ali kumbali kosafika dzuwa la m'mawa, n'kungoti, "Chabwino, aphunzitsi."

Zinathandizako. Pofika kumapeto kwa chaka Kanyenyeswa ankadziwa zilembo khumi ndi zinayi, ndipo ankalemba dzina lake, ngakhale chilembo chimodzi chinkayang'ana kumbuyo. Koma kuti munthu apite kalasi yachiwiri amafunika kuwerenga mawu, ndipo pamenepo anali asanafike. Tsiku lotsekera, amalume anawerenga mayina a okhoza, kenako a obwereza. Obwereza anali makumi atatu ndi mmodzi. Nditawayang'ana ataima pamodzi kukhoma, ndinaona kuti ambiri anali a misinkhu yofanana, ndi tsitsi lofanana.

Mayi wochapa uja anabwera anthu atayamba kubalalika, manja akadali onyowa. Amalume anamuona akubwera ndipo anayamba kusanja mabuku amene anali osanjika kale. Ndinadziwa kuti akonzekera mkangano.

"Mayi, ndisakubisireni. Mwana wanu sanakhoze. Abwereza."

"Abwereza kalasi yanu yomweyi?"

"Yomweyi. Chaka chamawa adzakhala ndi zaka zisanu ndi zinayi, ali pakati pa ana a zisanu ndi chimodzi. Anayesetsa, koma mutu wake umatopa msanga. Akanayamba kale mwina bwenzi..." Anaima pamenepo, n'kutsokomola.

Mayiyo anapukuta manja m'chitenje. Anayang'ana mwana wake, amene anali panja akuthandiza amayi ophika kunyamula nkhuni zotsala.

"Ndifunse nawo, aphunzitsi. Wobwereza amafolanso pamzere kudzagwira khutu?"

"Ayi. Ali kale m'kaundula."

"Nanga phala, obwereza amamwa?"

"Amamwa."

"Kapu yodzaza, ngati okhoza?"

"Chimodzimodzi."

"Abwereze," anatero mayiyo. "Zilembo zotsalazo adzazipeza. Zikomo kwambiri, aphunzitsi, Mulungu akudalitseni."

Anagwada pang'ono n'kutuluka. Amalume anatsala ataima pakati pa kalasi, mayankho onse amene anakonzekera ali m'kamwa. Kenako anandiuza kuti nditseke mazenera, iwo n'kupita kukafunsa amayi ophika ngati ufa wa teremu yamawa wafika kale.